Ng'oma Yodzutsa Anthu ku Champhira

Sanaodire. Ndicho chinthu choyamba chimene ndimakumbukira, chifukwa kwathu ngakhale munthu wodzalanda mbuzi ya mlandu amayamba waima pabwalo n'kunena kuti odi. Iwo anangotulukira kuseri kwa nkhokwe, asilikali ndi sajeni wawo, mfuti zili paphewa. Linali Lachisanu masana, m'nyengo yozizira ya chaka chachitatu cha nkhondo ya Majeremani. Ine ndinali pakhonde, dothi lili m'manja, ndikumaliza khosi la mtsuko. Mwamuna wanga anali atagona pamphasa akuothera dzuwa, pakuti unali mwezi wake wosala kudya ndipo masana mphamvu zinkamuchepera.

"Mluya woimba ng'oma uja ndi ameneyu?" anafunsa sajeni. Chinyanja chake chinali cha kummwera.

"Ndi amuna anga," ndinayankha. "Kodi n'kwabwino?"

"Nanga amaumba ng'omazo ndani?"

Ndinamuonetsa manja anga. Anayang'ana dothi lija, nagwedeza mutu.

"Basi, nonse awiri. Bwana akukufunani ku Mzimba."

Msilikali wina analowa m'nyumba n'kutuluka ndi ng'oma, ataigwira pakhosi ngati nkhuku. Mwamuna wanga anali atadzuka, chingwe chikulowa kale m'chiuno mwake, koma mawu oyamba amene analankhula anali akuti, "Gwira bwino, mwana iwe. Ndi dothi limenelo." Mwana wathu wamkazi ndinamupereka kwa mlamu wanga, mkazi wa mlongo wanga, amene anafika akuthamanga atamva phokoso. Sanandilole kusamba m'manja, choncho dothi linandiumira m'zala tili panjira.

Ndiyenera kufotokoza kuti munthu ameneyu anali ndani, poti ambiri amene adzawerenga izi anangomuona ali nkhalamba ya zala zopindika yokhala pakhonde. Maina sindilemba, ngakhale lake, chifukwa ena mwa anthu a m'nkhaniyi ali ndi zidzukulu zimene sizinalakwe kanthu.

Kwawo kunali kutali kumpoto, kupitirira chipululu cha mchenga, mumzinda wa nyumba zoyera m'mbali mwa nyanja ya mchere. Kuno anthu ankangomutcha Mluya, ndipo poyamba amayi ankabisa ana akamuona, chifukwa Aluya amene makolo athu ankawadziwa anali a magoli. Iye ankaseka n'kumati sanagulepo munthu chibadwire, ndipo ngakhale nkhuku ankachita kutuma ine. Bambo ake anali oimba ng'oma, agogo akenso chimodzimodzi. Anayamba kuimba m'maukwati asanamere ndevu. Kenako anaimba m'nyumba zomwera khofi za m'madoko, ndi m'sitima za pamadzi, akutsika ndi gombe chaka ndi chaka, mpaka analowa gulu la asilikali oimba malipenga. Kumeneko ndi kumene anaphunzira Chinyanja. Ng'oma ya asilikali sanaikonde. Ankati ndi ng'oma ya timitengo, yongouza mwendo poponda. Nthawi yake itatha anatsagana ndi ulendo wa Mmwenye wina wa sitolo, malungo n'kumugwetsa pa Jenda. Ulendo unapitirira, iye anatsala.

Pogwa paja, ng'oma yake inasweka. Atachira anamanga mapale ake m'kansalu n'kuyamba kufunsa kuti woumba bwino kuno ndani. Anamulozera kwa ine, ndipo amene anamulozerawo sanalakwitse. Nthawi imeneyo ndinali namfedwa, ndikukhala pafupi ndi mlongo wanga kuno ku Champhira, ndipo mitsuko yanga inkafika mpaka kumalire a Kasungu, kwawo kwa mayi anga. Anandipempha mtsuko wopanda thako, wa m'chiuno mowonda ndi kukamwa kotambalala. Ndinamuseka mpaka misozi. Woyamba unang'aluka pamoto. Wachiwiri anaugogoda ndi chala, nauika kukhutu, napukusa mutu. Wachitatu anapukusanso mutu, ine n'kumuuza kuti dothi lili kudambo, akaumbe yekha. M'mawa mwake anabweranso. Pamene tinkapeza ng'oma yomukhutiritsa, anthu anali atayamba kale kutinena, ndipo sanali kunama. Akulu a mpingo anandiimitsa mgonero chifukwa chokwatiwa ndi Msilamu. Ndinavomera, koma kutchalitchi sindinasiye, ndinkangokhala kumbuyo.

Khasu ankaligwira ngati akulipepesa, ndipo mizere yake ya chimanga inali yoseketsa mudzi wonse. Koma akatenga ng'oma ankasanduka munthu wina. Iye ankaitcha dalabuka, ife tinkangoti kamtsuko. Ankaikunga ndi chikopa cha kamwana ka mbuzi, chopalidwa mpaka kuonekera dzuwa, ndipo asanaimbe ankaiwamba pamakala. Ankaipanira m'khwapa n'kuimba ndi zala zokha. Pakati inkalira mawu aakulu ofika m'mimba, m'mphepete inkalira mawu akuthwa, ndipo zala zikathamanga zinkamveka ngati mapira akukhuthukira m'lichero. Oimba ng'oma a kuno anayamba ndi kumunyoza kuti wabweretsa choseweretsa ana. Sipanapite nthawi, ukwati wopanda iye unkaoneka ngati wa anthu osauka. Sankalimbana ndi ng'oma zazikulu, ankangolowa m'mipata yawo. Kuyambira Champhira mpaka Jenda, anthu akamva kuti Mluya aimba, m'nyumba munkatsala odwala okha.

Panalinso ng'oma ina imene ankaimba, ndipo ndi imeneyi inatimangitsa. Chaka chilichonse, mwezi wake wosala kudya ukaoneka, ankadzuka tambala woyamba asanalire n'kuyamba kuzungulira mudzi. Ankamenya katatu, n'kupumira, katatunso, n'kupumira. Pakhomo lililonse ankaima n'kuitana mwini nyumba dzina lake, kuti adzuke adye kusanache. Kwawo imeneyi inali ntchito ya bambo ake, ndipo mzinda wonse unkadalira iwo kuti anthu asayambe tsiku losala ndi m'mimba mopanda kanthu. Koma kuno osala kudya anali iye yekha ndi telala wina wachiyao wa pa Jenda, amene sakanamva ngakhale ng'oma ikanakhala ya mkuwa. Ndinamufunsa kuti kodi akudzutsa ndani.

"Ntchito yanga ndi kudzutsa, amayi," anatero. "Kudya kapena kusadya ndi zawo."

Choncho ankadzutsa Akhristu, anthu amene analibe naye mlandu. Wodandaula kwambiri anali mlamu wanga uja. Ankabwera m'mawa maso ali psuu, n'kuima pabwalo manja ali m'chiuno, akudandaula za mwamuna wanga m'chinenero cha kuno.

"Mlamu, mfumu winu wakutisuzga chomene! Njala njake, kweni tulo tikusowa ndise!"

Ankanena zoona. Njala inali yake, koma tulo tinkasowa ndife. Komabe chaka ndi chaka anthu anazolowera, ndipo munthu akadumphidwa dzina ankabwera kudzafunsa ngati walakwa chiyani.

Kenako inabwera nkhondo, ndipo inadza ndi mtengatenga. Amuna ankagwidwa kuti akanyamule katundu wa asilikali kumpoto. Obwerako ankabwera mafupa okhaokha, ndipo ambiri sanabwereko. Anthu atayamba kuthawa, ogwira anthu aja anaphunzira kufika m'bandakucha, kuzinga mudzi amuna adakali m'tulo. Midzi yambiri anaitha motero. Atafika kwathu anapeza zitseko zili pululu, moto ukuyaka, amayi atakhala pakhomo. Amuna anali atadzutsidwa ndi ng'oma, ataona ogwira anthuwo akuwoloka dambo, n'kulowa m'phiri. Anabweranso tsiku lina, zinachitikanso chimodzimodzi.

Ndikufuna zimveke bwino: ng'oma ija sinali chizindikiro. Palibe amene anapangana naye kanthu. Koma sindinena kuti sankadziwa chimene chikuchitika. Atabwera koyamba asilikali, ndinamuuza kuti asiye, chifukwa zimenezi zitibweretsera mavuto. Anandiyankha kuti, "Mwezi sunathe."

Ulendo wa ku Mzimba tinayenda wapansi, tili pachingwe chimodzi, ndipo tinagona panjira. Pamitsinje asilikali ankamwa, inenso ndinkamwa, koma iye ankangoyang'ana dzuwa n'kupukusa mutu. Asilikali ankamuseka. Sajeni anawaletsa, nati, "Musiyeni, ndi za Mulungu wake." Ndinaganiza kuti mwina tapeza munthu wachifundo.

Sanatitengere kumaofesi. Anatipititsa kumsasa wa asilikali kunja kwa tauni, kumene ankasonkhanitsa amtengatenga asananyamuke, malo ozunguliridwa ndi mpanda wa mitengo ndi minga. Iye anamuika kwa amuna. Ine anandiika m'chisakasa cha udzu pamodzi ndi amayi amene anagwidwa kuti amuna awo adzipereke. Mlonda wa pakhomo anatilandira ndi mawu amene sindinawaiwale: "Muno mulibe mkazi wa munthu. Nonse ndinu a Bwana mpaka amuna anu atabwera." Ntchito yathu inali kusinja chimanga cha asilikali ndi kutunga madzi. Mphepo ya ku Mzimba m'miyezi imeneyo mukuidziwa, ndipo zofunda zathu zinali nsalu zimene tinagwidwa titavala.

Lolemba m'mawa anatiitana tonse awiri kwa Bwana. Anali mzungu wachinyamata, woonda, wotsokomola, wa maso osonyeza kuti sagona. Ng'oma inali patebulo pake. Sajeni ndiye ankamasulira. Anafunsa mwamuna wanga ngati ali munthu wa mfumu ya Aturuki, imene inali mbali ya Majeremani. Iye anati mfumu imeneyo sanaionepo, ndipo akukayika ngati iyo ikudziwa kuti ku Champhira kuli munthu. Anafunsa amene amamutuma. Anati amamutuma ndi mwezi. Anafunsa kuti ng'omayo imanena chiyani.

"Imati dzukani, idyani, kukucha."

"Nanga maina umaitaniranji?"

"Munthu ukamudzutsa ndi dzina lake sakwiya kwambiri, Bwana."

Ine anandifunsa kuti ndaumba ng'oma zingati ndipo zina ndinazitumiza kuti. Ndinati zina zonse zinasweka kapena anazikana mwini wakeyu, chifukwa ndi munthu wovuta kumusangalatsa. Sajeni anamasulira, koma ndikuganiza kuti za kuvutazo anazisiya.

Bwana sanakhulupirire. Iye anali atamva kuti ng'oma za anthu akuda zimalankhula, ndipo ankafuna kumva mawuwo ndi makutu ake. Analamula kuti mwamuna wanga aimbe. Iye anagogoda chikopa n'kupempha moto, poti chinali chitalefuka ndi chisanu. Anabweretsa makala m'phale. Anaiwamba mosafulumira, akuitembenuza, ngati ali pakhomo pake. Kenako anamenya katatu, napumira, katatunso, napumira.

"Basi?" anafunsa Bwana.

"Basi."

"Imba ina. Imba imene umaimba anthu akasonkhana."

Apa ndi pamene zinthu zinatembenuka, ndipo chinazitembenuza ndi luso lake lomwe. Munthu uja sankatha kuimba moipa, ngakhale pamaso pa mdani. Anayamba ng'oma ya ukwati, pang'onopang'ono, kenako zala zinathamanga. Ndinaona phazi la msilikali wa pakhomo likuyamba kugunda pansi. Kunja phokoso la msasa linatha. Minsi ya amayi inaleka. Kenako mayi wina, sindikudziwa kuti anaiwala kumene ali kapena anakumbuka kwawo, anaimba nthungululu. Bwana anadzuka n'kusuzumira panja. Msasa wonse unali utaunjikana pampanda, amtengatenga, amayi, ophika, ndi alonda omwe. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana anthuwo. Ndinaona maganizo akulowa m'mutu mwake.

Atakhala pansi analankhula mofatsa, sajeni akumasulira. Anati tsopano wakhulupirira kuti mwamuna wanga si kazitape. Anati tibwerera kwathu, ndipo iye adzapatsidwa ntchito yoimbira asilikali. Pangofunika chinthu chimodzi chokha. Tikafika, tikalengeze kuti mlandu watha ndipo kuli chisangalalo. Akaimbe pabwalo masana, monga wachitira apa. Amuna a m'phiri aja adzatsika, poti palibe amene amakhala akamva ng'oma imeneyi. Asilikali adzakhala atabisala muudzu.

Mwamuna wanga anaika ng'oma patebulo, naisisita pang'ono.

"Muwauze Bwana kuti ng'oma yanga imaitanira anthu ku chakudya ndi ku ukwati. Njira ya kuchingwe siidziwa."

Bwana sanakalipe. Anati atipatsa nthawi, ndipo mkazi alankhule ndi mwamuna wake. Potuluka, sajeni anayenda pambali panga n'kunena chapansipansi: "Amayi, munyengerereni. Bwana akuti manja okana ntchito ya mfumu safunikanso ntchito ina."

Anatisiya tokha kuseri kwa chisakasa, mlonda ataima chapatali. Dzuwa linali litakwera, koma mphepo inali ikuwombabe. Tinakhala pansi moyandikana. Iye ndiye anayamba.

"Mwamva zimene wanena sajeni?"

"Ndamva."

"Mlongo wanu ali m'phiri."

"Ndikudziwa, bambo. Koma manja ndi anu. Ine sindingakuuzeni chochita nawo."

"Mukanakhala inu?"

"Ndikanakana. Koma n'kosavuta kutero, poti manja anga sanawafunse."

Anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka mlonda anatembenuka. Kenako anati amuna aja akatsika m'phiri, sadzatsika chifukwa chopusa. Adzatsika chifukwa pa zaka zonsezi ng'oma ija sinawanamizepo. Anatenga dzanja langa n'kuliika pabondo pake, nayamba kuimba ng'oma ya ukwati pachikhatho changa, mopepuka, zala zonse zikuthamanga. Ndinkaopa kwambiri, ndipo ndinkamunyadira kuposa tsiku lina lililonse. Aka kanali komaliza kuzimva zala zimenezo zili momwe Mulungu anazipangira.

Anamufunsanso m'mawa mwake, ndi m'mawa wotsatira. Poyamba anali mawu okha, kenako chikoti. Ine ankandiimika panja kuti ndizimva, ndipo mwamuna wanga akatuluka ankandiuza kuti msana saimbira ng'oma. Ankasalabe kudya. Madzulo ndinkamutumizira kagawo kanga ka mgaiwa kudzera mwa mayi wina wotunga madzi.

Tsiku lomaliza, mwezi wake wosala uli pafupi kutha, anandiuza kuti ndibwere ndi mtsuko wa madzi n'kuima nawo pakhomo. Zimene zinachitika m'katimo sizinatenge nthawi yaitali. Anamufunsa kamodzi. Anagwiritsa ntchito tebulo lomwe lija ndi tsinde la mfuti. Anayamba ndi dzanja lamanja. Pakati pa dzanja loyamba ndi lachiwiri anamufunsanso, ndipo ndinamva yankho lake, poti linali lalifupi. Madzi amene ndinabwera nawo anagwira ntchito.

Ng'oma sanaiswe. Msilikali anaibweretsa kumene ndinamugoneka, naiika pambali pake, nati, "Bwana akuti tenga ng'oma yako, uziimba." Mwa zonse zimene anatichita, chimenechi ndi chimene chimandiwawabe ndikachikumbukira.

Madzulo a tsikulo sajeni anabwera ndi timitengo ta nsungwi ndi nsalu yong'amba. Anaziika pansi osandiyang'ana.

"Ine ndaguba kumbuyo kwa ng'oma zaka zambiri, amayi. Amene anagwira mfuti ija sindine."

"Koma munamasulira," ndinatero.

Sajeni anatembenuka nachoka. Nsungwizo ndinazilandira, chifukwa kukwiya sikukanawongola chala. Ndinamanga chala chilichonse mmene ndikanathera. Ndaumba zinthu zambiri pamoyo wanga ndipo zambiri zinatuluka bwino, koma zala zija zinandikanika.

Kuyambira pamenepo anandilola kumusamalira, poti panalibe wina wofuna ntchitoyo. Ndinkamudyetsa, kumumwetsa, ndi kumumangira nsalu m'chiuno. Malungo anamugwira, manja anatupa mpaka m'zigongono, ndipo panali masiku amene ankalankhula chinenero cha kwawo chokhachokha, ine osamva kanthu. Amayi a m'chisakasa ankandibweretsera masamba ndi makungwa akapita kumadzi. Mmodzi wa iwo, wa kufupi ndi Jenda, anandiuza kuti anavina pa ukwati wake ng'oma ya mwamuna wanga. Mwamuna wanga anachira. Anali munthu wouma mutu, ndipo imfa nayo inamulephera ulendo umenewo.

Sanatiweruze mlandu, ndipo palibe anatiuza kuti tapezeka osalakwa. Nyengo yotentha tchire itafika, msasa unalamulidwa kusamukira kumpoto. Anafoletsa amuna onse kuti aone otha kunyamula katundu. Atafika pa mwamuna wanga, kapitawo anayang'ana manja aja n'kunena kuti, "Uyu sanganyamule kanthu, akungotha ufa. Achoke ndi mkazi wakeyo." Umu ndi mmene tinatulukira. Ndinabereka ng'oma kumbuyo ngati mwana, ndipo tinayenda pang'onopang'ono mpaka kwathu.

Mwana wathu tinamupeza ali bwino, atanenepa ndi phala la mlamu. Mtsuko uja ndinaupeza pansi pa tsindwi, utauma, khosi lake losatha. Mlamu anati sanafune kuutaya tisanabwere. Mlongo wanga anatsika m'phiri madzulo, nagwada pamaso pa mlamu wake, nayang'ana manja aja. Anayesa kulankhula koma anangothokoza kuti, "Yewo, alamu. Yewo chomene." Amuna ena anabweranso, mmodzimmodzi, ndipo onse ankayang'ana pansi.

Sindilemba kuti mwamuna wanga anapulumutsa mudzi. Nkhondo inali isanathe, ndipo ogwira anthu anali ndi njira zina. Mvula isanathe chaka chimenecho mlongo wanga anagwidwa panjira ya ku Jenda, ndipo sitinamuonenso. Enanso anagwidwa. Chimene ndikulemba n'chakuti palibe mwamuna mmodzi wa kuno amene analowa m'chingwe chifukwa chotsatira ng'oma ija.

Zala zinapola zili zopindika. Ankatha kugwira chikho ndi manja awiri, ndipo patapita miyezi anayamba kudya yekha. Kumaukwati ankamuitanabe mwaulemu, koma ankakana. Ng'oma ndinaipachika kudenga, ndipo sitinkaitchula.

Ana a masiku ano amandifunsa ngati ndinamva ufulu tsiku limene tinatuluka pachipata cha msasa. Ndimawauza kuti ndinamva kupweteka kwa miyendo. Bwana uja anatitulutsa chifukwa tinalibenso ntchito kwa iye, ndipo chimenecho sindichitcha ufulu. Ndakhala ndikuganiza za mawu amenewa zaka zambiri, ndikuumba, ndipo ufulu umene ndikuudziwa ine ndi uwu: kuti munthu akakuitana dzina lako, utuluke osayamba wasuzumira ngati muudzu muli chingwe. Mudzi wathu unataya amuna, unataya mbewu, unataya ng'ombe, koma chimenechi sunataye. Anachilipira ndi mwamuna wanga, ndipo sanandiuzepo ngakhale kamodzi kuti mtengo wake unakwera.

Chaka chotsatira, mwezi wake wosala kudya utaoneka, anaima pabwalo akuuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati chaka chino mlamu wanu agona bwino, nalowa m'nyumba. Ndinamukonzera chakudya cha m'bandakucha n'kuchivundikira.

Tambala asanalire ndinadzidzimuka ndi kugunda kwa munsi. Ndinadabwa kuti ndani wapenga kusinja mumdima. Kenako unayamba munsi wina kumunsi kwa mudzi, winanso kumtunda, winanso kuseri kwa khola. Sikunali kusinja kwa masiku onse. Minsiyo inkagunda katatu, n'kupumira, katatunso, n'kupumira. Mwamuna wanga anali atadzuka kale, atakhala tsonga pamphasa, akumvetsera.

Panja panamveka mapazi, kenako mawu a mlamu wanga, mayi amene mwamuna wake anali atapita osabwerera.

"Odi! Odi muno!"

Anaitana mwamuna wanga dzina lake lenileni, lija la kwawo, limene anthu onse ankati n'lovuta kutchula. Analitchula molakwika, koma analitchula lonse.

"Wukani, alamu, muryenge! Kukucha!"

Iye anandiyang'ana, nayang'ana kudenga. Ndinatsitsa ng'oma, ndinaipukuta mwaye, ndinakoleza makala n'kuiwamba mmene ndinkamuonera akuchitira. Ndinamupanitsa m'khwapa. Anadikira minsi igunde katatu, ndipo pampata wopumira paja anamenya pakati pa chikopa ndi tsinde la chikhatho, kamodzi. Mawu aakulu aja anatuluka ali momwemo. Minsi inayankha, iye anamenyanso. Kumtunda mayi wina anaimba nthungululu.

Mlamu anasuzumira pakhomo, misozi ili m'masaya, nkhope ili yokwiya ngati kale.

"Mbwenu ryani luwiro, alamu, ise tikagone!"

Amayi a m'mudzi anachita zimenezi mwezi wonsewo, ndi chaka chilichonse mpaka chaka chimene tinamuika m'manda. Koma ine ndimakumbukira m'mawa woyamba uja. Ndinavundukula chakudya n'kumuikira patsogolo, ndipo anadya yekha, pang'onopang'ono, minsi ikugundabe panja.